Giya yokana kulowa, vuto lili ku kilatchi

Galimoto yanga yakale inayamba kukana giya yoyamba ndi rivesi. Ukakankha mwamphamvu, imalira kuti khrrr. Ambiri ankati giyabokosi yatha, igwetsedwe. Mtima unandiwawa, chifukwa ndi galimoto imene imadyetsa banja langa.

Ndisanamasule chilichonse, ndinazimitsa injini n'kuyesa magiya onse. Analowa bwinobwino. Nditailiza, vuto linabwerera. Zikatere, dziwani kuti kilatchi siikulekanitsa injini ndi giyabokosi mokwanira, ndiye mano a magiya amakumana akuzungulirabe. Rivesi ndiyo imalira kwambiri chifukwa m'galimoto zambiri zakale ilibe synchro, kachipangizo kofananitsa liwiro la magiya asanalumane.

Kabotolo ka mafuta a kilatchi kanali katatsala pang'ono kuuma, ndipo slave cylinder, imene imakankha kilatchi ndi mphamvu ya mafutawo, inali yonyowa pa raba. Ndinaika ina yatsopano, n'kuthira mafuta a mabuleki a DOT 3, omwenso amagwira ntchito ku kilatchi. Kenako kubulida, kutanthauza kuchotsa mpweya m'paipi ya mafuta: mng'ono wanga amaponda kilatchi n'kuigwira pansi, ine ndikutsegula kanipo, kabawuti kotulutsira mpweya pa slave cylinder, ndi sipanala, n'kutseka asanachotse phazi. Tinabwereza mpaka thovu la mpweya litatha.

Ndinasinthanso oyilo wa m'giyabokosi, 75W-90 GL-4, poti wakaleyo anali wakuda bii. Pano rivesi ikulowa popanda phokoso.