Galimoto ikamazengereza kunyamuka pa loboti

Abale anga amene mumayendetsa galimoto kuno ku Johannesburg, makamaka inu a Uber ndi Bolt, vuto ili mukulidziwa. Loboti yatsegula, mwaponda moto, koma galimoto ikuchita kudzikoka, kumbuyo mataxi akukulizirani hutala. Musathamangire kukagula zitsulo. Ndalama zambiri zimathera pa zinthu zomwe zinali zabwinobwino.

Tiyambe ndi malo amene tikukhala. Johannesburg ili pamwamba, mamita oposa 1,700 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere. Mpweya kuno ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) imataya pafupifupi 17 peresenti ya mphamvu zake. Galimoto yomwe inkauluka ku Durban, m'mbali mwa nyanja, ikafika kuno imaoneka yofooka, makamaka mukayatsa aircon, mwanyamula anthu anayi, mukukwera chitunda cha Munro Drive. Amenewo si matenda. Matenda ndi pamene galimoto inkanyamuka bwino pamsewu womwewo mwezi watha, lero ikukanika.

Ikatero, yang'anani singano ya RPM, yomwe imaonetsa liwiro lomwe injini ikuzungulira, pamene mukunyamuka. Singano imeneyi ndiyo ikuuzeni koyambira.

Singano ikakwera msanga, injini ikulira kwambiri koma galimoto osayenda molingana ndi phokosolo, injini ilibe mlandu. Mphamvu ilipo, koma ikutayika isanafike ku matayala. Pa galimoto ya manual, nthawi zambiri ndi kilachi yatha. Yesani motere pamalo opanda anthu: kokani handibuleki, ikani giya 4, kenako tulani kilachi pang'onopang'ono. Injini iyenera kuzima. Ikapitiriza kulira, kilachi ikuterereka, ndipo mwina mumva fungo la kupserera. Kuima ndi kunyamuka kosatha kwa pa msewu waukulu wa M1 m'mawa kumadya kilachi, makamaka kwa amene amaimitsa galimoto pachitunda ndi kilachi m'malo mwa buleki. Chizolowezi chimenechi ndikupemphani muchisiye. Pa galimoto ya otomatiki, onani mafuta a giyabokosi. Akachepa, kapena akada ndi kununkha kupsa, apite kwa makaniko wodziwa magiyabokosi. Giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT ili ndi mafuta akeake, musathiremo ena alionse.

Koma singano ikamakwera mwaulesi, injini ikutsamwa kapena kunjenjemera, ndiye kuti ikusowa mpweya, mafuta kapena moto. Yambani ndi chotchipa. Tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya, muitulutse, muiyang'anitse kudzuwa. Kuwala kukapanda kudutsa, isintheni. Fumbi la m'nyengo yozizira kuno, pamene mvula kulibe, limatseka fyuluta msanga, makamaka kwa amene mumakhala pafupi ndi milu ya dothi la m'migodi. Kuseri kwa fyulutayo, m'galimoto zambiri muli kachipangizo koyeza mpweya kotchedwa MAF sensor. Kakada, kompyuta ya galimoto imapereka mafuta olakwika. Katsukeni ndi sipuleyi yake yeniyeni, ndipo kawaya kamkati musakakhudze ndi chala. Mukachoka apo, onani mapulagi ndi makoyilo, zomwe zimapereka moto mu injini, kenako fyuluta ndi pampu ya petulo.

Ambirife timaiwala mabuleki. Mukayenda kamtunda, imani, yandikitsani dzanja pa tayala lililonse osakhudza chitsulo. Limodzi likatentha kuposa anzake, buleki ikugwira, ndipo petulo akuthera pomwepo.

Nyale ya injini ikayaka pa dashibodi, musaimate tepi. Galimoto zina zikaona vuto zimadzichepetsera mphamvu dala, ndipo ya otomatiki imatha kunyamuka ndi giya yapamwamba. Pitani akailumikize ku makina owerenga zolakwika, mulembe nambala yomwe yatuluka. Nambalayo imangoloza mbali yomwe kuli vuto, choncho makaniko ayeze kaye chitsulocho asanakuuzeni kuti mugule china. Zonsezi zikakhala bwino koma galimoto ikubanikabe, makamaka injini ikatentha, apime ekizozi, chifukwa catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi cha mu ekizozi, ikatsekeka utsi umasowa potulukira.

Amene mumagwira ntchito usiku, musadikire kuti mwezi uthe. Pali maloboti ena mumzinda uno pomwe mumafunika kuchokapo nthawi yomweyo mukangoponda moto.