Kugulitsa inshuwalansi ku America: kapezedwe ka laisensi ndi zomwe zimailanditsa

Amalawi ambiri amene ali ku America, kaya ku South Bend, ku Dallas kaya ku Maryland uko, akatopa ndi ma shifiti a usiku osamalira okalamba amayamba kuganizako zogulitsa inshuwalansi, ndipo kawirikawiri ganizolo amalitola kwa munthu wina wa kutchalitchi amene wawaitanira pa Zoom nkumawalonjeza ndalama zankhaninkhani. Ntchitoyo ilipodi ndipo ena akudyerapo, koma opanda laisensi simungagulitse polise olo imodzi, kulandira komishoni ulibe laisensi ndi mlandu.

Dziwani kaye kuti kulibe laisensi ya dziko lonse. Kumudzi zonse zimathera ku Reserve Bank of Malawi, koma ku America state iliyonse ili ndi ofesi yake yoyang'anira za inshuwalansi, nthawi zambiri imatchedwa Department of Insurance, ndipo lamulo la McCarran-Ferguson la 1945 linasiya nkhaniyi mmanja mwa ma state. Ndiye zimene anachita msuweni wanu wa ku Texas musangozitengera mukukhala ku Indiana, lowani pa webusaiti ya state yanuyo muwerenge nokha.

Mukuyenera kukhala ndi zaka 18 kupita mtsogolo, Social Security number, komanso mapepala okulolani kugwira ntchito. Apa ma student a F-1 chenjerani, okulembaniwo adzakuuzani kuti si ntchito iyi ndi bizinesi yanu, koma kwa a imigireshoni komishoni ndi malipiro basi, visa yanu ingapsere pomwepo.

Kenako musankhe chomwe mukufuna kugulitsa chifukwa laisensi imabwera mzigawo. Pali Life ya moyo, pali Accident and Health ya ngozi ndi matenda, pali Property ndi Casualty zomwe ndi za nyumba, galimoto ndi mabizinesi, palinso Personal Lines ya nyumba ndi galimoto za anthu wamba zokha. Anthu athu ambiri amatenga Life ndi Health limodzi, nzomveka, nkhani yotumiza maliro kumudzi tonse timaidziwa mmene imasautsira ma gulu a WhatsApp. Koma amene akufuna malipiro okhazikika pa ofesi, ine ndimaona kuti Property ndi Casualty ndiyo yabwino kuyambira, inshuwalansi ya galimoto anthu amaifuna okha simuchita kuwanyengerera.

Ma state ena amafuna mupange kaye kosi musanalembe mayeso, ambiri amati maola 20 pa chigawo chilichonse, Florida imafuna maola 60 pa laisensi yake ya Life ndi Health yotchedwa 2-15, pomwe Texas simakukakamizani. Olo asakukakamizeni pangani, mayeso ake amazungulira ndi chizungu, mayankho awiri kuoneka ngati onse ndi olondola. Amalembetsa ndi makampani ngati Pearson VUE, Prometric ndi PSI, pa kompyuta, mongosankha yankho, ndipo ma state ambiri amafuna 70 peresenti. Gawo lomwe limagwetsa anthu ndi la malamulo a state, lodzadza ndi masiku ndi zindapusa, aliyense amalisiya kuti awerenga kumapeto nthawi nkumuthera. Yambani ndi limenelo.

Mukakhoza, mudindisa zala ngati state yanu imafuna, nkutumiza fomu kudzera pa mawebusaiti ofunsirapo laisensi a NIPR kapena Sircon, mulipira, akupatsani nambala yanu ya wogulitsa inshuwalansi, amati NPN, yomwe muyende nayo moyo wonse. Pa fomuyo mpomwe ndikufuna tichedwepo. Amafunsa ngati munapezekapo wolakwa kukhoti, ngati muli ndi ngongole ya msonkho, ngati munatsalira pa ndalama za chisamaliro cha ana, ngati laisensi ina iliyonse inalandidwapo. Munthu amaganiza kuti kamlandu kakalekale aka ndani angakaone, nkuyankha kuti ayi, koma zala zija zikabwera zimaulula zonse, ndiye amakukanani chifukwa cha bodzalo pomwe kamlanduko mwina akanakakhululuka mukanalemba kalata yofotokoza ndi mapepala a kukhoti. Ndipo kukanidwako kumalembedwa, state ina iliyonse yomwe mudzafunsireko mudzayenera kuulula. Amene ali ndi mlandu waukulu, amati felony, wokhudza chinyengo kapena kudya ndalama zosungitsidwa, lamulo la federal lotchedwa 1033 limati apeze kaye chilolezo cholembedwa kuchokera kwa mkulu wa inshuwalansi wa state asanakhudze ntchitoyi.

Laisensi yabwera eti, koma simunayambebe. Kampani yomwe mugulitse katundu wake ikuyenera kukulembetsani ku state, amati appointment, ndipo ambiri amafuna mukhale ndi inshuwalansi yanuyanu ya E&O yokutetezani mukalakwitsa pa ntchito. Zogulitsa za mtundu wa variable, zomwe ndalama zake zimaikidwa pa msika wa masheya, zimafunanso mayeso ena a FINRA, bungwe loyang'anira ogulitsa masheya, za Medicare Advantage, inshuwalansi ya zaumoyo makamaka ya okalamba, zimafuna maphunziro chaka ndi chaka, ambiri amapanga a bungwe la AHIP. Musanasaine kontilakiti funsani za chargeback. Makampani a Life amatha kukupatsiranitu komishoni ya miyezi ingapo, kasitomala akasiya kulipira msanga ndalamayo amaifunanso, ndiye mukagulitsa kwa achibale amene angovomera chifukwa cha manyazi, pakatha miyezi itatu iwo asiya inu mwatsala ndi ngongole.

Kuisunga laisensi pa pepala nkosavuta. Ma state ambiri mumaiwonjezera zaka ziwiri zilizonse, ena tsiku lake limayendera mwezi womwe munabadwa, ndipo amafuna maola 24 a maphunziro opitiriza, atatu mwa iwo akhale a ethics. Malizani kudakali mwezi wathunthu chifukwa a sukulu amatenga masiku kuti atumize zotsatira ku state. Ikatha musanawonjezere mumalipira chindapusa, mukachedwetsa kwambiri mubwereranso ku mayeso, ndipo masiku amene yathawo simukuloledwa kugulitsa. Mukasintha adilesi auzeni pasanathe masiku 30, chimodzimodzi mukapatsidwa chilango ndi state ina kapena mukazengedwa mlandu. Imelo yomwe munalembetsa ikhale yoti mumaitseguladi, makalata awo amabwera mmenemo.

Koma zolanditsa laisensi zenizeni ndi zija ife timaziona ngati umunthu. Pamsika wogulitsa amakuikira basela kuti udzabwerenso, koma kugawira kasitomala komishoni yanu kapena kumulipirira mwezi woyamba kuti avomere kugula amati rebating, ndipo ma state ambiri amaletsa. Kusainira mlamu wanu fomu poti ali ku shifiti ndipo wakuuzani pa foni kuti ingosainani, kwa iwo ndi fojale. Kulandira ndalama ya kasitomala mu akaunti yanu nkuigwiritsako ntchito kuti mubweza Lachisanu, osayesa. Kubisa kuti amayi aja ali ndi shuga kapena BP kuti mtengo utsike nkoopsa kwambiri, chifukwa akamwalira mzaka ziwiri zoyamba kampani imafufuza mafayilo a kuchipatala ndipo itha kukana kulipira, banja lili pa maliro, dzina lanu lili pa fomu. Komanso kumusiyitsa munthu polise yabwino pomunamiza kuti agule yanu, amati twisting.

Kasitomala akakhala ku state ina mukufunika laisensi ya non-resident ya kumeneko, imeneyo njosavuta, mumafunsira pa NIPR pomwepo, mumalipira, mayeso simulembanso bola ya kwanu ili bwinobwino, koma ya kwanuyo ikagwa zinazonso zili pa chiopsezo. Mukasamukiratu, funsirani laisensi ya state yatsopanoyo msanga, ambiri amapereka masiku 90 oti musinthe osalembanso mayeso.