Momwe mungagwiritsire ntchito banki ya pafoni popanda kuberedwa ndalama

Amene anagwirapo ntchito m'boma kumayambiriro a zaka za m'ma 2000 akukumbukira momwe tsiku la malipiro linkakhalira. Mzere unkayamba m'mamawa kunja kwa banki n'kukhotera kuseri kwa nyumba, ndipo mphunzitsi wa kumudzi ankasiya ana m'kalasi, kukwera matola kupita kuboma, kukangotapa malipiro ake n'kubwerako dzuwa litalowa. Zinthu zinayamba kusintha pamene kampani ya foni ya Safaricom inakhazikitsa M-Pesa ku Kenya mu 2007 n'kuonetsa kuti foni wamba ikhoza kusunga ndi kutumiza ndalama. Kuno kwathu Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba inatsatira mu 2013, ndipo mu 2015 makina a National Switch analumikiza mabanki kotero kuti khadi la banki ina linayamba kugwira ntchito pa ATM ya banki ina. Lero munthu amatha kusamutsa ndalama kuchoka ku akaunti ya kubanki kupita ku Mpamba kapena ku Airtel Money ali chigonere, chifukwa makompyuta a banki ndi a kampani ya foni amalankhulana okha popanda kalaliki wodinda pepala.

Chimene ambiri sitinachiganizire bwino n'chakuti banki itasamukira m'foni, mlonda amene ankaima pakhomo pa banki sanasamuke nayo. Kalaliki amene ankayang'ana nkhope yanu ndi siginecha yanu nayenso anatsala. Ntchito yawo yagwera inuyo, ndipo zimene ndikufotokoza pano ndi njira yoigwirira.

Yambani ndi simu khadi, chifukwa ndiyo maziko a zonse. Kuyambira mu 2018 bungwe la MACRA, loyang'anira makampani a foni, linalamula kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso cha unzika, komabe alipo ambiri amene mpaka pano akugwiritsa ntchito nambala yolembedwa m'dzina la mwana wawo, la mlamu, kapena la mnyamata amene anawagulitsa simuyo pamsika. Nambala yotere musailumikize ku akaunti yanu ya kubanki. Tsiku limene foni idzatayike, amene angapatsidwe simu ina ya nambala yomweyo ndi mwini dzina, osati inu, ndipo mauthenga onse a banki azidzapita kwa iyeyo. Pitani nokha ku ofesi ya kampani ya foni ndi chiphaso chanu mukatsimikize kuti dzina lili pa nambalayo ndi lanu, kenako mupite kunthambi ya banki yanu mukalembetse nambala yomweyo. Ulendo umodzi umenewu ndi wofunika kuuyenda ndi miyendo yanu, ngakhale wina atakuuzani kuti angakuchitireni pafoni.

Mukatero musankhe khomo lolowera. Makomo alipo awiri. Loyamba ndi la manambala a nyenyezi, monga *626# ya National Bank, *247# ya Standard Bank, *211# ya Airtel Money ndi *444# ya Mpamba. Limagwira ntchito ngakhale pa foni ya mabatani, silifuna bandulo ya intaneti, ndipo kumidzi kumene netiweki ndi yofooka ndi limene limadalirika. Lachiwiri ndi app ya banki pa foni yamakono, kapena tsamba la banki pa kompyuta, ndipo ubwino wake ndi woti mumaona mndandanda wa ndalama zonse zimene zalowa ndi kutuluka, mumasunga mayina a anthu amene mumawatumizira kawirikawiri, komanso mumatha kutsegula ndi chala kapena nkhope yanu. Maganizo anga ndi akuti amene ali ndi foni yamakono akhale ndi zonse ziwiri, koma app aitenge ku Google Play kapena ku App Store kokha, ataonetsetsa kuti dzina la amene anaiikapo ndi la banki yeniyeniyo. App imene mnzanu wakutumizirani pa WhatsApp kapena pa Bluetooth musaiike m'foni, ngakhale mnzanuyo ndi wokhulupirika, chifukwa iyenso sadziwa zimene zinabisidwamo.

Nambala yachinsinsi, imene ambiri timangoti PIN, isakhale chaka chanu chobadwa, chifukwa chakacho chinalembedwa pa chiphaso cha unzika chimene mumayenda nacho m'chikwama chimodzi ndi foni. Isakhalenso 1234 kapena manambala omalizira a foni yanu. PIN ya kubanki isiyane ndi ya Mpamba kapena ya Airtel Money, kuti wakuba akadziwa imodzi asatsegule zitseko zonse. Mukakhala pa kauntala ya ejenti, pansi pa ambulera paja pamene anthu amapanikizana podikira, gwirani foni nokha ndipo muiphimbe ndi dzanja polemba PIN. Ndimaona kawirikawiri achikulire akupereka foni kwa ejenti n'kutchula PIN mokweza ngati akutchula mtengo wa tomato. Ngati makolo anu amavutika kuwerenga, khalani nawo pansi masana amodzi, muwaphunzitse kukanikiza manambala anayiwo okha mpaka zala zizolowere.

Apa ndifike pa nkhani imene ikupweteka anthu ambiri, ya nambala imene banki imatumiza pa uthenga kuti mutsimikize zimene mukuchita, yotchedwa OTP. Nambala imeneyi imagwira ntchito kamodzi kokha ndipo imatha mphamvu pakapita mphindi zochepa. Cholinga chake n'chakuti ngakhale wina atadziwa dzina lanu lolowera ndi mawu anu achinsinsi, alephere kutulutsa ndalama popanda foni yanu. N'chifukwa chake akathyali masiku ano salimbana ndi makompyuta a banki, amalimbana ndi inu. Azakhali anga analandira foni madzulo ena ali pa mtondo, woimbayo akulankhula mwaulemu, akuwatchula dzina lawo lenileni, n'kuwauza kuti akaunti yawo itsekedwa usiku womwewo ngati satsimikiza kuti ndi yawo. Uthenga unalowadi m'foni, iwo anawerenga manambala asanu ndi limodzi aja mmodzimmodzi, ndipo asanamalize kupeta ndalama za fetereza zinali zitapita. Palibe wogwira ntchito kubanki kapena ku kampani ya foni amene ali ndi chifukwa chokufunsani PIN kapena OTP. Amene wakufunsani, kaya akuti mwapambana mpikisano, kaya akuti akukulembetsani pa Mtukula Pakhomo, kaya akuti akukonza netiweki, dulani foniyo ndipo muimbire nokha nambala imene ili kuseri kwa khadi lanu la ATM.

Chinyengo china n'cha uthenga wooneka ngati wa ndalama zolowa, kenako munthu n'kuimba akudandaula kuti watumiza molakwika ndalama za kuchipatala ndipo mumubwezere. Musabweze kanthu musanayang'ane balansi yanu kudzera pa nambala ya nyenyezi kapena pa app. Uthenga weniweni umabwera m'dzina la kampani, pamene wabodza kawirikawiri umachokera pa nambala wamba ya munthu. Ngati ndalamazo zalowadi, muuzeni woimbayo kuti akadandaule ku kampani, imene ili ndi njira yake yobwezera. Amalonda achenjere kwambiri apa: chithunzi cha uthenga chimene kasitomala akukuonetsani pa foni yake si umboni woti walipira, ndipo katundu atuluke pokhapokha foni yanu yasonyeza kuti ndalama zafika.

Potumiza ndalama, makina amakuonetsani dzina la wolandira musanalembe PIN. Liwerengeni. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masekondi asanu amenewo ndi afupi poyerekeza ndi masiku amene mungataye mukulondola ndalama zimene zapita kwa munthu wachilendo amene wazitapa kale. Ngati mukutumiza ndalama zambiri ku akaunti yatsopano, tumizani kaye zochepa, wolandirayo atsimikize, ndiyeno mutumize zotsalazo. Funsaninso za ndalama zimene amadula, chifukwa kusamutsa kuchoka kubanki kupita kufoni kenako n'kukatapa kwa ejenti kumadulitsa kawiri, pamene kulipira mwachindunji bilu ya madzi, mayunitsi a magetsi a ESCOM kapena fizi ya sukulu kumapewa kudulidwa kwachiwiriko.

Kwa amene amalowa kubanki pa kompyuta, lembani nokha adiresi ya tsamba la banki m'malo modina linki imene yabwera pa uthenga kapena pa imelo. Akuba amapanga masamba ofanana ndi a banki, mitundu ndi chizindikiro chimodzimodzi, kusiyana kwake kuli pa chilembo chimodzi cha adiresi. Kachizindikiro ka loko ndi zilembo za https zimangosonyeza kuti zimene mukulemba zikuyenda mobisika, sizitsimikiza kuti tsambalo ndi la banki. Pa kompyuta ya anthu ambiri, monga ya m'malo olipira intaneti, musalowe kubanki n'komwe.

Abale athu amene ali ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku London amatumiza ndalama kudzera ku makampani ngati Mukuru ndi WorldRemit, ndipo zambiri zimafikira m'foni. Gwirizanani m'banja kuti pempho la ndalama lochokera pa nambala yatsopano silitsatidwa mpaka mutaimba pa nambala yakale imene mukuidziwa. Izi zafunika kwambiri tsopano pamene makompyuta akutha kutsanzira mawu a munthu atangomva kachidutswa ka zimene analankhula.

Ngongole za pafoni nazo zabwera ndi luso lomweli, chifukwa makina amayang'ana momwe mumagwiritsira ntchito akaunti yanu n'kukupatsani ngongole m'mphindi imodzi popanda chikole. Kubanki m'khonde anzanu amakufunsani kuti ndalamazo mukachita nazo chiyani, koma foni sifunsa. Musanavomere, werengani ndalama zonse zimene mudzabweze ndi tsiku lobwezera, osati zimene mulandire zokha.

Foni ikatayika, kapena simu yanu ikangosiya kugwira netiweki pamene mafoni a anzanu akugwira bwinobwino, musadikire kuti kuche. Kuzima kotere nthawi zina kumatanthauza kuti wina watenga simu ina ya nambala yanu ndipo ma OTP akupita kwa iye. Bwerekani foni, imbirani banki kuti itseke akaunti ya pafoni, kenako kampani ya foni kuti itseke simu. Nambala zoimbirazo zilembeni lero papepala ndi kuzisunga kunyumba, chifukwa zikakhala m'foni mokha zidzapita nayo limodzi. Ngati ndalama zatuluka kale, sungani mauthenga onse okhala ndi nambala ya zimene zinachitikazo, kanenenani kupolisi, ndipo dandaulo lanu kubanki mulipereke molemba n'kutenga kope lodindidwa. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaika kuba kwa pa makina m'gulu la milandu, ndipo ngati banki kapena kampani sinakuthandizeni mokwanira, muli ndi ufulu wopititsa dandaulolo ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki ndi makampani otumiza ndalama pafoni. Kumeneko adzakufunsani umboni woti munayamba mwadandaula kubanki yanu, ndipo kope lodindidwa lija ndilo mudzaonetse.