Mmene mungapewere kumuzolowera Mulungu

Abale anga, pali matenda ena amene amagwira akhristu akalekale, matenda a kuzolowera. Kutchalitchi umapita ndithu, nyimbo zonse umazidziwa, abusa akangotchula vesi iwe wamaliza kale mumtima, kupemphera umapemphera koma palibenso chimene chimakuimitsa n'kunena kuti aaa, kodi Mulungu ameneyu ndi wotani? Aisraeli zinawachitikirapo. Tsiku loyamba kuona mana, chakudya chimene Mulungu ankawapatsa m'chipululu, anadabwa n'kumafunsana kuti ichi n'chiyani (Eksodo 16:15), koma pofika pa Numeri 21:5 akuti tatopa nacho chakudya chachabechabechi. Mana anali omwewo kwa zaka 40, anthu ndi amene anasiya kuona.

Poyambira pabwino ndi kuchepetsa liwiro powerenga Baibulo. Baibulo la mabuku 66 lili ndi machaputala 1,189, ndiye amene akufuna kulimaliza m'chaka chimodzi amawerenga machaputala atatu kapena anayi patsiku. Sizoipa ayi, koma ukamangothamangira kuti umalize za lero maso amadutsa pamwamba ndipo mtima sugwira kanthu. Ndiye patulani masiku ena oti muzitenga kankhani kamodzi basi, n'kukawerenga mokweza, mobwereza, ngati simunakamvepo.

Yesani ndi Marko 4:35-41, nkhani ya namondwe ija tonse timati tikuidziwa. Werengani pang'onopang'ono muone. Madzi akudzaza ngalawa, Yesu ali mtulo, ndipo Marko akutchulanso kuti anatsamira pilo. Ena mwa ophunzira ake amene akukuwa ndi mantha mungalawamo ndi asodzi, nyanja imeneyi anakulira pomwepo, ndiye ngati iwowo akuti tikufa ndiye kuti zinthu zinavutadi. Koma taonani vesi 41, mantha aakulu anawagwira mphepo italeka kale. Nyanja ili bata, ngozi yatha, iwo m'pamene akunjenjemera n'kumafunsana kuti kodi uyu ndi ndani. Anayenda naye, anadya naye, ankaganiza kuti akumudziwa, lero azindikira kuti amene ali naye mungalawamo ndi woopsa kuposa namondwe. Imani pamenepo, musapitirire ku chaputala 5. Funso lawo lija dzifunseni nokha, ndipo musafulumire kuliyankha ndi mayankho oloweza aja.

Ine ndimaona kuti kufulumira kuyankha n'kumene kumatiwononga kwambiri. Funso likangobwera tatsegula kale foni kusaka pa intaneti, mphindi ziwiri tapeza yankho, nkhani yatha. Pezani kope, lembani mafunso amene ndime yakusiyirani, ndipo muyende nawo tsiku lonse kaya sabata yonse musanafunse munthu. Mariya sanamvetse zonse zimene abusa a nkhosa aja ananena Yesu atabadwa, koma Luka 2:19 akuti ankazisunga n'kumazilingalira mumtima. Kufunsa aphunzitsi ndi kuwerenga mabuku ofotokozera n'kofunika, koma kubwere pambuyo.

China, tulukani panja usiku, foni muisiye m'nyumba. Maso amafuna mphindi ngati 20 kapena 30 kuti azolowere mdima, ndiye musangosuzumira n'kubwerera, khalani. Mlalang'amba wathu wokhawu uli ndi nyenyezi zoposa 100 biliyoni, ndipo kuwala kwa dzuwa kumene kumatiwotcha masana kumakhala kutayenda mphindi 8 kuti kutipeze. Davide analibe manambala amenewa koma atayang'ana kumwamba anafunsa kuti munthu ndani kuti muzimukumbukira (Salmo 8). Ena amaopa sayansi ngati ichotsa chikhulupiriro, ine ndimaona kuti ukadziwa zambiri za mmene zinthu zinapangidwira m'pamene pakamwa pamatseguka kwambiri. Werenganinso Yobu 38 ndi 39. Munthu wataya ana, chuma, thanzi, akufuna yankho, ndipo Mulungu akumufunsa za nyenyezi, za mbuzi zakuthengo zikamabereka, za nthiwatiwa, za kavalo. Poyamba zimaoneka ngati Mulungu akuzemba funso, koma Yobu yemweyo pomaliza akuti kale ndinkangomva za inu, tsopano diso langa lakuonani.

Pa pemphero sinthani poyambira. Ambirife tikangogwada tayamba mndandanda, ndipatseni ichi, chotsani icho, mpaka ameni. Kupempha si tchimo, Yesu yemwe anati pemphani. Koma yambani ndi mphindi zingapo muli chete, kungokumbukira kuti mukuyankhula ndi ndani. Maganizo adzathawa ndithu, za ntchito, za ngongole, abwezeni basi osadziimba mlandu. Pothokoza musamati zikomo chifukwa cha zonse, mawu amenewo amatuluka okha mtima uli kwina. Tchulani chinthu chimodzi cha lero ndi dzina lake. Akhate 10 anachiritsidwa onse pa Luka 17, wobwerera kudzagwa pamapazi a Yesu anali mmodzi.

Muzichezanso ndi ana komanso anthu amene angotembenuka kumene. Mwana akakufunsani kuti nanga Mulungu anamulenga ndani, kapena watsopano uja akati zoona anandikhululukira zonsezi, musathamangire kumukonza, mvetserani kaye mmene akudabwiramo, chifukwa nanunso munali choncho.

Chenjezo limodzi lomwe ndimalitenga kukhala lalikulu. Kudabwa ndi Mulungu sikufanana ndi kutengeka. Pali anthu amayendayenda msonkhano ndi msonkhano kusaka zoti thupi lichite tsembwe, kukapanda kutero amati Mulungu kunalibe, ndipo mapeto ake amatopa kapena kunamizidwa ndi anthu ofuna ndalama zawo. Eliya pa phiri la Horebu anaona chimphepo, chivomezi ndi moto, koma 1 Mafumu 19 akuti Yehova sanali m'menemo, anabwera m'kamawu kayaziyazi.

Ndipo nyengo zouma zidzabwera, olo mutachita zonsezi. Zikafika musanamizire kuti muli pamoto, muuzeni Mulungu mmene zililimo, kenako chitani zimene Asafu anachita pa Salmo 77, anayamba ndi kudandaula kuti kodi Mulungu waiwala chifundo, kenako n'kuyamba kukumbukira ntchito zake zakale imodziimodzi. Tsegulani kope lija, werengani zimene munalemba miyezi yapitayo, mafunso amene anayankhidwa ndi amene akadalipobe, ndipo Lamulungu likubwerali mupite kutchalitchi olo mtima usakufuna.