Ntchemberezandonda muziyamba kuzisaka zikadali mazira

Ambiri amadzidzimuka akaona masamba a chimanga atabowoka, koma mwini vutoli ndi kadziwotche wouluka usiku, Spodoptera frugiperda, amene mbozi zake, ntchemberezandonda, ndizo zimaboola masambawo. Kwawo ndi ku America. Anaoneka koyamba mu Africa mu 2016, ku Nigeria ndi mayiko oyandikana nako, ndipo pofika 2018 anali atalowa kale ku India.

Ndi wamng'ono, mapiko akatambasuka safika masentimita 5. Akutsogolo ndi otuwa mosakanikira ndi khofi, akumbuyo oyera okhala ndi mkombero wakuda. Masana amabisala, ndiye musataye nthawi kumufunafuna.

Sakani mazira ake. Wamkazi amaikira mulu wa mazira 100 mpaka 200, nthawi zambiri kunsi kwa tsamba, n'kuwaphimba ndi tiubweya totuwa. Kukatentha amaswa m'masiku awiri kapena atatu okha, choncho yenderani munda kawiri pa sabata, m'mamawa, mukutembenuza masamba. Mukaupeza muluwo, utswanyeni ndi chala pomwepo.

Mbozi yake muidziwa ndi chizindikiro cha Y wozondoka pamutu, komanso timadontho tinayi takuda chakumchira. Ikalowa mkati mwa nsonga ya chimanga, ngakhale mankhwala amavutika kuifikira.