Kujambula mabatani onyezimira ogulitsa pa intaneti

Amene mumapanga mabatani pamanja mukudziwa kuti batani lonyezimira limavuta kujambula, chifukwa kuwala kumabwerera m'kamera ndipo pachithunzi pamatuluka kadontho koyera kobisa mtundu ndi zokongoletsa zake. Njira yosadya ndalama ndi iyi: zimitsani fulashi, ikani mabataniwo pafupi ndi zenera pamene dzuwa silikuwomba mwachindunji, ndipo mutchinge zeneralo ndi nsalu yoyera yopyapyala. Nsaluyo imamwaza kuwala, motero kunyezimira kumafewa m'malo mothobwa m'maso. Mbali inayo imikani pepala loyera lolimba kuti libweze kuwalako ndi kuchepetsa mthunzi.

Pansi yalani pepala lotuwa losanyezimira, ndipo mupukute batani lililonse musanajambule, popeza zidindo za zala zimene diso siliziona kamera imazionetsa poyera. Foni isayandikire kwambiri, kuopa kuti chithunzi chingatuluke chosaoneka bwino. Ndi bwino kuitsamiritsa pamabuku, kuitchera kuti ijambule yokha pakapita masekondi angapo, kenako n'kudula m'mbali mwa chithunzicho. Pachithunzi chimodzi ikanipo rula, ndipo mujambulenso kumbuyo kwa batani, chifukwa wogula amafuna kudziwa kukula kwake komanso mmene adzalisokerere.