Kalavani yasiya kuvina kumbuyo

Ndikangokoleka kalavani, galimoto inkagwada kumbuyo, mphuno m'mwamba. Chiwongolero chinkapepuka, thiraki ikandidutsa kalavaniyo nkuyamba kuvina, ine mtima phaphapha. Weight distribution hitch (chokolekera chomwe chimagawa kulemera kuti kusamangogwera kumbuyo kwa galimoto kokha) ndinali nayo kale, koma tcheni cha zitsulo zake ziwiri ndinkachimanga mwachisawawa.

Ndinaimika galimoto pamalo osalala, nkuyeza ndi tepi kuchoka pansi kufika pamadigadi akutsogolo, ndisanakoleke komanso nditakoleka. Kutsogolo kunali kutakwera. Ndinakweza polumikizirapo ndi jeke, nkufupikitsa tcheni ndi mphete imodzi mbali zonse, kutsogoloko kunatsikanso.

Vuto lina linali langa ndithu: zigubu za madzi ndinkaziunjika kumchira kwa kalavani. Ndinazisunthira kutsogolo kwa matayala, poti pamutu pa kalavani pamayenera kugwera 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera kwake.